Mathireyi Amene Azakhali Anapukuta

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, analongedza katundu pafakitale pathu zaka makumi awiri ndi ziwiri. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a muofesi okha. Ena tonse, kuyambira mlonda wapageti mpaka bwana mwiniwake, tinkangoti Mayi Kansalu, chifukwa m'thumba la yunifolomu yawo simunkasowa kansalu kopukutira. Ukatula kapu patebulo, tiyi usanameze n'komwe, iwo ainyamula kale n'kupukuta pamene inakhala. Kunyumba kwawo tinkalowa titavula nsapato, ndipo palibe mwana wa pabanja pathu amene sanakokedwepo khutu chifukwa chogwira khoma ndi manja a mafuta. Iwo sanakhale ndi mwana, amuna awo anamwalira kalekale, ndiye chikondi chawo chonse chinathera pa ife ndi pa zinthu zonyezimira. Ndinkawaopa ndili mwana. Ndinene zoona, ndimawaopabe ngakhale pano ndili ndi ana anga awiri.

Ntchito anandipezera ndi iwo. Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ndinakhala pakhomo zaka zitatu, mapepala akungoyangidwa ndi akangaude m'sutikesi. Azakhali anaima pakhomo la ofesi m'mawa uliwonse kwa masabata awiri, osati kupempha mogwada ayi, kungonena kuti, "Mwana wa achimwene uja akadali pakhomo, bwana." Bwana anatopa nawo n'kundilemba. Nkhani imeneyi kwathu aliyense amaidziwa, ndipo amene waiwala azakhali amamukumbutsa.

Timapanga timabolodi tamagetsi, kukula kwake ngati chikhato cha mwana, tomwe timakalowa m'makina oyeza kugunda kwa mtima m'zipatala. Ine ndimakhala patebulo loyeza, ndi mita yanga ndi mawaya ake awiri. Kabolodi kakadutsa kwa ine kankapita kwa azakhali, iwo n'kukagoneka m'thireyi, kutseka chivindikiro. Tsiku lotumiza katundu ndimatapako ena n'kuyezanso.

Timabolodi timeneti sitichedwa kufa. Mukudziwa mmene juzi imathethekera mukamaivula nyengo yozizira? Timagetsi timeneto, tomwe munthu sumva nato kuwawa n'komwe, tikalumphira pakabolodi basi kwatha, ndipo kamafa kakuoneka bwinobwino. Mafunde a mafoni ndi mawailesi nawonso amakasokoneza. N'chifukwa chake thireyi lathu si mbale wamba. Liyenera kudutsitsa magetsi, kuti timagetsi tija tikafika tizingoyenderera pathireyipo n'kuthawira patebulo mpaka pansi, ndiponso kuti likatsekedwa mafunde aja azilephera kulowa.

Kale mathireyi tinkachita kugula. Anali osalala, onyezimira, osawola ngakhale utawakwirira zaka zana, moti kuseri kwa fakitale kunali phiri la othyoka. Chaka chatha kampani yomwe imatigula katundu inanena kuti ikufuna mathireyi owola. Ndiye tinayamba kuumba tokha, ndi pulasitiki yochokera ku sitachi wa mbewu, yosakaniza ndi ufa wakuda wa kaboni. Kaboniyo ndi amene amadutsitsa magetsi. Thireyi likatha ntchito umalitaya kudzala, pakatha miyezi ingapo lasanduka dothi.

Wosakaniza wake anali bambo wina wofatsa, wa ana asanu, amene tinamupatsa dzina loti a Mwaye chifukwa ikamakwana teni koloko ankayera maso okha. Anali asanathe chaka pantchito. Sankalankhula zambiri, ndipo ufa wawo ankauyeza pasikelo kawiri asanathire.

Azakhali anadana nawo mathireyi atsopanowo tsiku loyamba lomwelo. Anali othimbirira, okhakhala pang'ono, ndipo ukawagwira ankasiya kakuda kuzala.

"Zinthu zopita kuchipatala zizigona m'mbale zokhala ngati kunsi kwa poto?" anatero akudzipukuta zala.

"Kudako ndiye ntchito yake, azakhali," ndinayankha.

"Iwe khala chete. Chinthu chowola munthu n'kusungiramo katundu? Ine ndinayamba kulongedza iwe ukunyowetsa matewera."

Ndinakhaladi chete, ndipo apa ndi pamene ndinalakwa ine. Ndikanatenga mita n'kuwaonetsa mmene muvi wake umayendera ukakhudza pakudapo. Koma kuphunzitsa azakhali kumafuna munthu wolimba mtima kuposa ine.

Sabata ina kunabwera alendo ochokera kukampani yotigula ija kudzaona ntchito. Linali Lachinayi. Anazungulira, anagwedeza mitu, mmodzi anayamikira kuti tebulo lolongedzera likuoneka bwino, ndipo azakhali anamwetulira tsiku lonse. Lolemba lotsatira lole inabwera kudzatenga katundu. Ndinatapa timabolodi makumi anayi monga mwa nthawi zonse. Khumi ndi kamodzi tinali takufa.

Ndinayezanso poganiza kuti mita yanga yasokonekera. Ndinasintha mawaya. Ndinatapa tina makumi anayi, panapezeka takufa tisanu ndi tinayi. Lole inabwerera yopanda kanthu, ndipo bwana anatsika muofesi mwake akupuma ngati wathamanga.

Bwana wathu si munthu woipa, koma akapsa mtima amafuna dzina la wolakwa tsiku lomwelo. Analanda mita m'manja mwanga, n'kugunditsa mawaya pathireyi limodzi. Muvi sunagwedezeke. Anatenga lina, zii.

"Itanani a Mwaye!"

A Mwaye anabwera akupukuta manja paovolosi.

"Thireyi ili silikudutsitsa magetsi. Mwathira kaboni wochepa. Wotsalayo mwapita naye kuti?"

"Bwana, ndimayeza kawiri," anatero a Mwaye.

"Ndiye mita ikunama? Lachisanu teni koloko mubwere muofesi. Ngati palibe chifukwa china chomveka, mudzatule ovolosi yathu." Kenako anandiloza ine. "Iwe, uyeze mathireyi onse. Ndikufuna lipoti Lachisanu lomwelo."

Mathireyi anali mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi. Ndinayeza Lachiwiri lonse ndi Lachitatu m'mawa, ndipo chinayamba kundizunguza mutu n'chakuti ena ankadutsitsa magetsi bwinobwino pamene ena ankakana, chonsecho anaumbidwa tsiku limodzi, ndi phala limodzi. Munthu akachepetsa kaboni amachepetsa m'phala lonse, sangasankhe thireyi. Ndinawapatula milu iwiri, abwino uku, okana uku. Nditabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndiwongole msana, ndinaona kuti mulu wa okana ukunyezimira padzuwa lapawindo.

Ndinatenga limodzi n'kulinunkhiza. Fungo lake ndinalidziwa mphuno isanamalize kukoka mpweya. Ndi fungo la pabalaza pa azakhali, la polishi wa m'kachitini kobiriwira amene amapaka pakabati yawo Loweruka lililonse. Ndinatenga kampeni n'kupala pakona. Panachoka kaphula kopyapyala. Nditagunditsa mawaya pamene ndinapalapo, muvi unalumpha.

Ndinakhala pansi. Phula silidutsitsa magetsi. Azakhali anali atawaveka mathireyi malaya a phula kuti alendo aja asaone zakuda, ndipo popukuta ndi kansalu kawo kouma ankadzutsanso timagetsi tomwe tija, topanda kothawira. Patsidya pa chipinda ndinkawaona akukonza makatoni, akuwalinganiza makona kuti afanane.

Ndinadikira nthawi ya nkhomaliro. Azakhali amadyera kuseri, pabenchi yomwe ili pafupi ndi mpopi, atayala pepala pamiyendo. Ndinakhala pambali pawo ndi thireyi m'manja.

"Sukudya?" anandifunsa.

"Azakhali, mathireyiwa munapaka chiyani?"

"Ndinangowapukuta."

"Ndi chiyani?"

Anatafuna pang'onopang'ono. "Kapolishi pang'ono. Nanga alendo akanabwera kudzaona uve umene uja? Wamva wekha anayamikira."

"Polishiyo ndi amene wapha timabolodi."

"Usandinamizire iwe. Polishi aphe magetsi? Ine wailesi yanga ndimaipaka chaka ndi chaka, imalankhulabe mpaka lero."

Ndinatulutsa mita m'thumba n'kuwaonetsa pomwepo. Ponyezimira, zii. Popala, muvi uwo. Ndinabwereza katatu. Azakhali analeka kutafuna. Anayang'ana muviwo nthawi yaitali, kenako anatseka kontena yawo chakudya chili pakati.

"Amene akudziwa ndani?"

"Ine ndekha."

"Kwanditsalira chaka ndi miyezi iwiri kuti ndipume," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi sindinalandirepo kalata yondichenjeza ngakhale imodzi. Ngakhale imodzi, iwe."

"A Mwaye awachotsa Lachisanu, azakhali."

"A Mwaye ndi mwamuna, akapeza kwina."

"Ali ndi ana asanu."

"Nanga ndinawaberekera ndine?" anakalipa, kenako anadzigwira pakamwa. Sindinawamvepo akulankhula zotero chibadwire. Anaimirira, anapinda pepala lawo bwinobwino, n'kunena akuyang'ana kumpopi, "Woyeza ndiwe. Ukudziwa wekha chimene ukalembe."

Ndinakwiya. Ndinakwiya kuti andisenzetsa mtolo wawo ngati kuti ndi ine ndinagula polishiyo. Ndinawamveranso chisoni, ndipo ziwirizi zinkalimbana pachifuwa panga. Masana onse ndinalemba mzere umodzi wokha wa lipoti, tsiku ndi dzina langa.

Lachinayi m'mawa ndinapeza a Mwaye akundidikira pakhomo la chipinda chathu, atanyamula sikelo yawo pachifuwa ngati khanda.

"Achemwali, pepani. Mwina sikeloyi ndi imene ikundinamiza. Mungandiyezereko?"

Ndinaiyeza ndi miyala yathu yoyezera. Inali yolondola.

"Ndiye ndalakwitsa pati?" anafunsa. Maso anali ofiira. "Akazi anga sindinawauze. Ndikungowauza kuti mutu ukundipweteka. Mwapezapo chiyani pamathireyipo?"

"Ndikuyezabe, a Mwaye."

"Zikomo, achemwali. Mulungu akudalitseni."

Madalitso amenewo anandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinalowa m'chipinda nkhope itagwa, koma zomwe ndinapezamo zinandiimitsa mutu. Mulu wa mathireyi okana unali utachepa. Pansi pa tebulo lolongedzera panali ndowa yonyowa, ndipo kuseri kwake mathireyi makumi awiri atasanjidwa, opindikapindika, akunanda ukawagwira. Azakhali anali atalawirira kuti atsuke polishi uja ndi madzi otentha ndi sopo. Mathireyi akale aja akanapirira, koma awa ndi owola, madzi otentha amawafewetsa.

"Azakhali, mwachita chiyaninso?" ndinanong'ona.

"Ndimati ndikonze," anayankha osandiyang'ana. Manja awo anali ofiira ndi kutentha kwa madzi.

Tisanaganize kowaika, bwana analowa kudzafunsa za lipoti. Maso ake anagwera pomwepo. Ananyamula limodzi, linapindika m'manja mwake.

"Taonani! Ayamba kale kuwola, mwezi usanathe n'komwe! Munthu uja wasakaniza chiyani kodi?" Anatembenukira kwa azakhali. "Mayi Kansalu, mwachita bwino kuwapatula. Mubwere nawo mawa muofesi, awaone yekha."

"Chabwino, bwana," anatero azakhali.

Ndinawayang'ana, ndikudikira kuti awonjezera mawu ena. Sanawonjezere. Anatulutsa kansalu kawo n'kuyamba kupukuta madzi amene anadontha patebulo.

Poweruka ndinayenda nawo mpaka pasiteji ya basi monga mwa masiku onse. Msewu unali wodzaza anthu oweruka, njinga zikuimba mabelu. Basi yawo itafika ndinawagwira mkono.

"Mawa ndikanena zomwe mita yandionetsa. Dzina lanu sindikatchula. Koma sindikalemba bodza."

"Chita zomwe anakuphunzitsa kusukulu," anatero, n'kuchotsa mkono wawo.

Lachisanu teni koloko tinali anayi muofesi. Bwana kuseri kwa tebulo lake, a Mwaye ataimirira pafupi ndi chitseko atavala malaya oyera amene sindinawaonepo, azakhali pampando wapakona mathireyi opindika aja ali pamiyendo, ndi ine ndi mita yanga. Patebulo panali envulopu yolembedwa kale dzina la a Mwaye.

"Tiuze," anatero bwana.

Ndinaika thireyi lonyezimira patebulo, n'kugunditsa mawaya. Zii.

"Zimenezo tinaona kale," anatero bwana, dzanja likupita kuenvulopu.

"Dikirani, bwana." Ndinatulutsa kampeni. Ndinaphonya kona n'kukanda tebulo. Ndinapala kachiwiri, ndinagunditsa mawaya, muvi unalumpha. "Kaboni alimo wokwanira. Phala la a Mwaye lilibe vuto. Pamwambapa pali phula. Onse okana ali ndi phula, onse opanda phula akugwira ntchito."

"Phula lachokera kuti?"

"Silichokera m'makina oumbira."

"Sindinafunse kumene silichokera."

Ndinayang'ana pansi. Bwana anatola kaphula kaja ndi chala, anakafikisa, anakanunkhiza. Fungo limenelo nayenso ankalidziwa, chifukwa tebulo lake lomwelo azakhali ankalipaka alendo akamabwera. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana pakona.

"Mayi Kansalu?"

Azakhali anaika mathireyi pansi bwinobwino n'kuimirira. Anawongola yunifolomu.

"Ndine, bwana. Anali akuda."

"Ndipo opindikawa?"

"Ndinawatsuka dzulo. Ndi madzi otentha."

"Dzulo lomwelo ndikunyoza munthu uyu, inu muli pomwepo, n'kundiyankha kuti chabwino?"

"Inde, bwana."

A Mwaye anatsamira chitseko. Sanakalipe. Anangowayang'ana azakhali n'kunena, "Amayi, Lolemba lija munandipatsa moni. Lachiwiri munandipatsa moni. Dzulo munandifunsa kuti ana ali bwanji." Anatsegula chitseko n'kutuluka asanauzidwe.

Bwana anang'amba envulopu ija pakati. Anagwira chipumi. Ndinkayembekezera kukuwa, koma analankhula motsitsa, ndipo zinaopsa kwambiri.

"Polishi ndikanakukhululukirani, chifukwa simunadziwe. Koma masiku awiriwa munkadziwa. Patebulo lolongedza simudzakhalanso. Chifukwa cha zaka zanu sindikuchotsani. Mayi wokolopa uja akupuma mwezi uno, mutenge malo ake mpaka tsiku lanu lidzakwane. Ngati simukufuna, chitseko icho."

"Ndamva, bwana."

Anatuluka mutu uli chilili. Sanandiyang'ane.

Mathireyi zana ndi makumi asanu ndi awiri anapita kudzala masana omwewo. Ndinathandiza kukankha wilibala. Loweruka bambo anga anandiimbira foni, ndipo sanayambe ndi moni.

"Ndamva wagulitsa azakhali ako."

"Bambo, sindinatchule dzina lawo."

"Unatenga mpeni n'kukapala pamaso pa bwana. Ukufuna dzina litchulidwe bwanji kuposa pamenepo? Ndani anakulowetsa pamenepo iwe?"

"Munthu wosalakwa akanachotsedwa ntchito."

"Ndi m'bale wako ameneyo?"

Atatero anadula foni. Mpaka pano pabanja pathu alipo amene amandipatsa moni wapamwamba chabe. Sindinong'oneza bondo kuti ndinapala thireyi lija. Ndimanong'oneza bondo kuti sindinawaonetse azakhali mita tsiku loyamba lija, ndipo nthawi zina ndimawakwiyirabe kuti anandisiya ndipale ndekha.

Ambiri tinkaganiza kuti sabweranso. Munthu amene anaphunzitsa kulongedza theka la fakitale yonse akagwire mopu? Koma Lolemba, seveni koloko isanakwane, ndinamva ndowa ikugunda m'khonde. Anali iwo, atavala epuloni yabuluu ya okolopa, yoisita mpaka mizere kuoneka. Anakolopa kuyambira pageti, kudutsa pakhomo la a Mwaye, omwe anatuluka n'kuwapatuka.

Pakhomo la chipinda chathu pali lamulo loti munthu wosagwira ntchito mmenemo salowa popanda chilolezo cha woyeza, chifukwa zovala wamba zimanyamula timagetsi tija. Lamuloli azakhali ankalisunga kuposa aliyense, anabwezapo ngakhale akazi a bwana. Ndinamva mopu yaima. Nditadzutsa mutu anali pakhomopo, ndowa kudzanja limodzi, akuyang'ana tebulo lolongedzera pamene panali pataima mayi wina. Kenako anayang'ana ine.

"Odi, a woyeza," anatero. "Ndingalowe?"

Chibadwire anali asananditchulepo mwaulemu. Ndinafuna kunena kuti lowani azakhali, koma ndinaona epuloni ija kuti ndi ya nayiloni, nsalu imene imathetheka kwambiri, ndipo patebulo panga panali timabolodi makumi atatu tili poyera.

"Dikirani kaye nditseke mathireyi," ndinatero.

Anadikira.